Samuel Josia Nthara, Mphunzitsi Amene Adalemba za Anthu a Kwawo

Ambiri a ife kuno ku Nachisaka tikamva dzina loti Nthondo timaganiza za dera la mfumu yaikulu ya ku Ntchisi. Koma dzina lomweli ndi mutu wa buku limene lidatuluka mu 1933, ndipo patangopita chaka chimodzi anthu a ku London adali kuliwerenga m'Chingerezi. Amene adalemba bukuli sadali mzungu wa ku mishoni kapena bwana wa ku boma. Adali mphunzitsi wachikuda wosakwana zaka 30, dzina lake Samuel Josia Nthara. M'mabuku a Chingerezi dzinali amalilemba kuti Ntara.

Lero tiwerenga mbiri ya bambo amenewa. Powerenga tisunge funso ili mumtima: kodi mwana akamalowa m'kalasi, ayenera kusiya chinenero chake ndi mbiri ya makolo ake panja kuti ayesedwe wophunzira?

Dziko limene adabadwiramo

A Nthara adabadwa mu 1905. Nthawi imeneyo dziko lino linkatchedwa British Central Africa, ndipo dzina loti Nyasaland lidabwera mu 1907. Kuno m'chigawo chapakati sukulu zidali zachilendo ndithu. Mu 1889 abusa awiri ochokera ku South Africa, a A.C. Murray ndi a T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed, adamanga mishoni ku Mvera, m'dziko la Inkosi Chiwere. Mu 1894 a Robert Blake adatsegula ina ku Kongwe, ndipo mu 1896 kudatsegulidwa ya ku Nkhoma, imene pambuyo pake idasanduka likulu. Kuchokera m'malo amenewa sukulu zing'onozing'ono zidafalikira m'midzi. Kawirikawiri nyumba imodzi yaudzu inkakhala sukulu pakati pa sabata ndi kachisi Lamulungu. Ana ankayamba kulemba ndi chala pa dothi asadagwire sileti.

M'sukulu za mishoni imeneyi ndi m'mene a Nthara adaphunzira, ndipo ntchito yawo ya uphunzitsi idali pansi pa Nkhoma. Boma la atsamunda lidalibe nthambi yoona za maphunziro mpaka 1926. Sukulu ya sekondale ya ana achikuda kudalibe m'dziko lonse mpaka 1940, pamene idatsegulidwa ya ku Blantyre. Choncho mnyamata wanzeru wa msinkhu wa a Nthara adali ndi njira zochepa: kukhala mphunzitsi, mlaliki, kalaliki wa ku ofesi, kapena kunyamuka ulendo wa ku Halale ndi ku Joni.

Khungu ndilo linkagawa malo. Ana a azungu adali ndi sukulu zawo, ana a amwenye zawo. Mphunzitsi wachikuda, ngakhale atakalamba pa ntchito, ankayang'aniridwa ndi mzungu. Munthu ankayembekezeka kuvula chipewa akakumana ndi mzungu pa msewu. Ngakhale pa masewera padali malire: m'makalabu a azungu a ku Zomba ndi ku Blantyre munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito, osati ngati mnzawo wosewera naye.

Mipanda iwiri

Kuti timvetse zimene a Nthara adachita, tiyambe tayang'ana kutali pang'ono, chifukwa zaka zomwezo ana a eni nthaka a maiko ena adali pa vuto lofanana ndi ili. Ku America, m'tauni ya Carlisle, boma lidatsegula sukulu yogonera komweko mu 1879 yolerako ana a mitundu imene idali m'dzikolo azungu asadafike. Mwana akafika ankamumeta tsitsi, kumuveka zovala zachizungu ndi kumuletsa kulankhula chinenero cha mayi wake. Ambiri ankapatsidwa ndi maina atsopano. Cholinga chidali choti atuluke ataiwala kwawo.

Mmodzi wa ana amene adaphunzira kumeneko ndi Jim Thorpe, wa mtundu wa Sac and Fox. Mu 1912, a Nthara ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, Thorpe adapambana pa masewera a Olimpiki ku Stockholm mipikisano iwiri yovuta kwambiri, wina wophatikiza masewera asanu, wina khumi. Chaka chotsatira adamulanda mendulo zake ponena kuti adalandirapo kandalama posewera baseball. Adamwalira mu 1953 asadazionenso. Banja lake lidalandira mendulo zina zolowa m'malo mwa zoyambazo mu 1983, ndipo mu 2022 ndi pamene adavomereza kuti mipikisano iwiriyo adapambana yekha. Sukulu idanyadira liwiro la miyendo yake, koma chinenero ndi mbiri ya anthu ake idalibe nazo ntchito.

Kuno kwathu mpanda udali wa mtundu wina. Amishoni a ku Mvera ndi ku Nkhoma sadaletse chinenero chathu. Ankaphunzitsa m'Chinyanja, monga chinkatchedwera masiku amenewo, ndipo adagwira ntchito yaikulu yomasulira Buku Lopatulika limene lidatuluka mu 1922. Koma Chingerezi ankachipereka mounika, kusiyana ndi anzawo a ku Livingstonia, kotero kuti ntchito zambiri za m'maofesi zinkapita kwa ophunzira a kwina. Ku Carlisle mwana ankalandidwa chinenero chake. Kuno ankamusiyira, koma osamutsegulira khomo lopita patsogolo. Mipanda yonse iwiri idamangidwa pa ganizo limodzi, loti wina ndiye ayenera kumusankhira mwana wa mwini nthaka muyeso wa nzeru zomuyenera.

Padalinso china. Mabuku amene ana ankawerenga m'Chinyanja adali omasuliridwa kapena olembedwa ndi alendo. Mwana ankadziwa za Yerusalemu ndi za mafumu a ku Mangalande, koma za agogo ake sankazipeza pa pepala. Phunziro lobisika lidali loti zinthu zoyenera kulembedwa zimachitika kwina.

Nthondo

Mu 1926 ku London kudakhazikitsidwa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, ndipo lidayamba kuchititsa mipikisano ya mabuku olembedwa ndi Aafirika m'zinenero zawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 mpata udafika kwa olemba Chinyanja. A Nthara adatumiza zolemba zawo ndipo adapata mphoto.

Sadalembe za mfumu yotchuka kapena za mbusa wachizungu. Adatenga munthu wamba wa m'mudzi wa Achewa, namulondola kuyambira tsiku lobadwa mpaka tsiku la maliro ake. Nthondo wa m'bukuli si mwana wabwino woti aphunzitsi azilozera anzake. Akukula movuta, akulakwira anthu, akuchoka kwawo kukafuna ntchito, akubwerera, akulowa ufumu wa mudzi, ndipo atakula akutembenuka mtima nalowa Chikhristu. M'njira yonseyi wowerenga akuona mmene mwana amalandiridwira, mmene achibale a kuchikazi amasungira mbumba, mmene milandu imakambidwira pa bwalo, mmene anthu amalirira maliro.

Lero zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma mu 1933 sizidali choncho. Azungu angapo adali atalemba kale za miyambo ya Achewa, koma ankailemba ngati munthu wosuzumira pa zenera, ndipo anthu a m'mabuku awo adalibe maina. A Nthara adalemba ali m'nyumba momwemo. Munthu wawo ali ndi dzina, ali ndi amalume, amachita manyazi, amaopa, amasintha. Ana a sukulu amene adawerenga bukuli adapeza kuti mudzi wonga wawo, ndi mawu onga a agogo awo, zikhoza kukhala m'buku losindikizidwa.

Amene adalimasulira m'Chingerezi ndi a Thomas Cullen Young, mmishonale amene adagwirapo ntchito zaka zambiri ku mishoni ya Livingstonia. Lidatuluka ku London mu 1934, ndipo mawu oyamba adalemba ndi katswiri wa sayansi Julian Huxley. A Young adachita ntchito yabwino, ndipo popanda iwo dzina la a Nthara silikadadziwika kunja msanga chotero. Komabe taonani zimene zidachitikira mutu wa buku. A Nthara adalitcha Nthondo, dzina la munthu mmodzi. Ku London lidatchedwa Man of Africa, ngati kuti munthu mmodzi wa m'mapiri athu akuimira Aafirika onse. Tsankho silibwera ndi chipongwe chokha. Nthawi zina limabwera ndi mtima wabwino umene umaona mtundu m'malo moona munthu.

Kufunsa akuluakulu

Ntchito yawo yaikulu idatuluka pakati pa zaka za m'ma 1940, ndiyo Mbiri ya Achewa. Masiku amenewo ophunzira ambiri a ku Ulaya ankakhulupirira kuti anthu amene sadali kulemba alibe mbiri, ndipo kuti mbiri ya dziko lino idayamba pofika a David Livingstone mu 1859. A Nthara sadatsutsane nawo pa msonkhano. Adatenga pensulo ndi kope, nakakhala pansi pamaso pa mafumu ndi nkhalamba.

Tiganize kulemera kwa chinthu chimenechi. Mphunzitsi wa nthawi imeneyo adali munthu wolemekezeka m'mudzi, wovala jekete, wodziwa kuwerenga kalata za anthu onse. Ophunzira ena ankayesa nkhalamba zosadziwa kulemba ngati anthu a mumdima. Koma kuti alembe bukuli, mphunzitsi adayenera kusanduka wophunzira, kulonjera mwaulemu, kudikira mpaka mkulu atafuna kulankhula, ndi kumva nkhani imodzi kwa anthu angapo amene sankagwirizana pa zonse. Paja amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Iwo adazindikira kuti mawuwo akangogonera opanda wowasunga, amapita kumanda pamodzi ndi eni ake.

M'bukuli adasonkhanitsa zimene akuluakulu ankakumbukira za ulendo wa makolo kuchokera ku Uluwa, za mafuko a Aphiri ndi Abanda, za ufumu wa Kalonga ndi likulu lake ku Mankhamba, za kupatuka kwa Undi, za mafumu monga Mwase wa ku Kasungu ndi Mkanda, za kachisi wa mvula ku Msinja, ndi za kufika kwa Angoni. Akatswiri a mbiri amene adabwera pambuyo adapeza malo ena ofunika kuwongola, monga zimakhalira ndi buku lililonse lotsegula njira. Koma sadathe kulilambalala. Mu 1973 lidatuluka m'Chingerezi ku Germany, lomasuliridwa ndi a W.S. Kamphandira Jere, pamodzi ndi ndemanga za a Harry Langworthy. Zimene nkhalamba zidanena zitakhala pa mphasa zidafika m'mayunivesite a kutali.

Mfumu ya ku Chibanzi

Buku limene likutikhudza kwambiri ife a kuno ndi Msyamboza, mbiri ya nyakwawa ya ku Chibanzi, m'boma lathu lino la Dowa, kufupi ndi Kongwe. A Msyamboza adakhala ndi moyo pa nthawi ya nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo odzera ku Nkhotakota, naona kufika kwa amishoni ndi boma la atsamunda, ndipo adamwalira mu 1926 ali nkhalamba. Adali mlenje ndi wamalonda, wokonda kuyesa zatsopano. Adalandira sukulu m'mudzi mwawo, ndipo ankalima tirigu wothirira.

Nkhani imene inkaphunzitsidwa nthawi imeneyo idali yoti chitukuko chidabwera ndi azungu, ndipo anthu akuda adangochilandira. Mbiri ya a Msyamboza ikuonetsa zina. Apa padali munthu amene ankayang'ana chinthu chachilendo, nachiyesa pa muyeso wake, natenga chimene chingathandize anthu ake. Sadadikire kulamulidwa. A Cullen Young adamasuliranso bukuli, ndipo lidatuluka mu 1949 ndi mutu woti Headman's Enterprise. Pansi pa mutuwo adawonjezapo mawu otanthauza kuti ili ndi tsamba losayembekezeka m'mbiri ya pakati pa Africa. Tingafunse kuti: losayembekezeka kwa yani? Anthu a ku Chibanzi sadadabwe nalo, chifukwa mfumu yawo ankaidziwa.

Chaka chomwecho cha 1949 kudatuluka Nchowa, nkhani ya moyo wa munthu wamkazi, pa nthawi imene atsikana ochepa okha ndiwo ankapitirira makalasi oyambirira. Mu 1964, chaka chimene dziko lidalandira ufulu, adatulutsa mbiri ya abusa a Namon Katengeza, amene pamodzi ndi a Andreya Namkumba adali abusa oyamba achikuda a ku Nkhoma, odzozedwa mu 1925. Adasonkhanitsanso mawu okuluwika a m'chinenero chathu m'buku lakelake. Tikawaika pamodzi mabukuwa tikuona kuti moyo wawo wonse ankachita ntchito imodzi: mwamuna wamba, mkazi, mfumu, mbusa, mtundu wonse ndi mawu ake, onse kuwapatsa malo pa pepala.

Pamene padali povuta

Tisawasandutse munthu wopanda mfundo zomangika. A Nthara adali mphunzitsi wa mishoni, ndipo mabuku awo ambiri ankadzera m'manja mwa amishoni asadafike kwa owerenga. Zaka za m'ma 1920, pamene ankayamba ntchito, m'maboma a Dowa, Lilongwe ndi Dedza mudali kulimbana koopsa pakati pa sukulu ndi dambwe. Mpingo unkafuna kuti wolowa m'kalasi asiye gule, ndipo eni dambwe ankaona sukulu ngati yobera ana awo. Mabanja adagawikana. Munthu wolemba za Achewa ali pa ntchito ya mishoni sakadatha kunena zonse momasuka, ndipo wowerenga wa lero amaona kuti njira ya Nthondo ikukathera pa khomo la tchalitchi, kumene osindikiza ankafuna kuti ithere. Sitikukayika chikhulupiriro chawo. Tikungoona kuti adalemba ali pakati pa mbali ziwiri zimene zonse zidali zawo, ndipo sadalole kuti imodzi ifafanize inzake. Gule Wamkulu amene ankatchedwa chinthu cha mumdima adalemekezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma nkhani ya mwana wa sukulu ndi dambwe ikadakambidwabe m'midzi mwathu.

Pali phunziro linanso limene lidadza iwo ali moyo. Mu 1968 chinenero chimene adachitumikira chidasankhidwa kukhala cha dziko lonse, ndipo dzina lidasintha kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa. Kwa olemba ngati iwo chidali chinthu chonyaditsa. Koma nthawi yomweyo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, ndipo ana a Atumbuka, Ayao, Alomwe, Asena, Atonga ndi Angonde adamva kuwawa kofanana ndi kumene Achewa adakumva kale. Amene adamenyera ulemu wa chinenero chake ayenera kukhala woyamba kuzindikira ulemu wa chinenero cha mnzake. Mbiri ya Achewa ndi mphatso kwa Amalawi onse ngati ilimbikitsa Myao ndi Mtumbuka kulemba yawo. Ikasanduka ndodo yoyezera amene ali mwini dziko weniweni, yataya ntchito yake.

A Nthara adamwalira m'zaka za m'ma 1970, atatumikira nthawi yaitali ngati mphunzitsi ndi mlembi.

Zimene atisiyira

Mipanda ya masiku awo idagwa. Palibe lamulo loletsa mwana wa ku Nachisaka kufika ku yunivesite kapena kusewera mpira m'timu ya dziko. Koma ganizo limene lidamanga mipandayo silidafe. Limaoneka pamene mwana alangidwa chifukwa walankhula chinenero cha kwawo pa bwalo la sukulu. Limaoneka pamene tiseka mnzathu wolakwitsa Chingerezi koma osachita manyazi kulephera kulemba kalata m'Chichewa. Limaoneka pa bwalo la mpira pamene wosewera wa timu ina atukwanidwa potchula mtundu wake, kapena pamene tikondwera ndi zigoli za mnyamata osafunsa ngati akudziwa kuwerenga.

A Nthara sadakane sukulu, ndipo sadakane Chingerezi kapena anzawo achizungu amene adagwira nawo ntchito. Adatenga chida chimene sukulu idawapatsa nakachigwiritsa ntchito kwawo. Adalibe digiri, adalibe makina ojambulira mawu. Ife lero tili ndi mafoni m'matumba, ndipo nkhalamba zimene zidaona masiku a thangata, chitaganya ndi kubwera kwa ufulu zikutha imodziimodzi. M'mudzi uliwonse kuno kumapiri muli a Msyamboza ena amene palibe adawalemba.

Mafunso okambirana

1. Kodi mipanda iwiri ija, wa ku Carlisle ndi wa kuno, ikusiyana bwanji, ndipo ikufanana pati? Ndi uti umene ukuonekabe m'sukulu za m'dera lathu?

2. Dzina loti Nthondo lidasinthidwa kukhala dzina loimira Aafirika onse. Kodi ife timachita liti zofanana ndi zimenezi kwa anthu a mitundu ina, kapena kwa alendo okhala pakati pathu?

3. Mphunzitsi adakakhala pansi kuti aphunzire kwa anthu osadziwa kulemba. Ndi makhalidwe ati amene munthu amafunika kuti achite zotere?

4. Kodi munthu angakonde bwanji mtundu wake popanda kuchepetsa wa mnzake? Perekani zitsanzo za kunyumba, kusukulu ndi ku bwalo la masewera.

5. Tisadakumanenso, aliyense acheze ndi munthu wachikulire mmodzi wa m'mudzi mwake. Mupemphe chilolezo, mufunse za sukulu ndi masewera a pa ubwana wake, monga nguli, phada, fulaye kapena mpira wachikulunga, ndipo mulembe tsamba limodzi m'chinenero chimene iye walankhula. Tidzawerengerana pa msonkhano wotsatira.